Kompyuta si dzala, abale

Lachiwiri lapitali alamu anga, amene amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, anandiitanitsa mwamsangamsanga ngati kwagwa zovuta. Nditafika ndinawapeza thukuta lili kamukamu, maso ali pa laputopu. Mayi wina wa komiti ya ukwati anali atabwera ndi ndalama m'manja, akufuna kotesheni imene alamuwo anamulembera mu Febuluwale, kuti akaonetse anzake asanalipire. Kotesheniyo inalimo ndithu mukompyutamo. Koma pati?

Abale inu, zimene ndinaona pa Desktop paja! "Document1", "Document1 (2)", "yatsopano", "yatsopano yeniyeni", zithunzi za pa chinkhoswe, nyimbo za kwaya, zonse mulu umodzi ngati kaunjika.

Chondiseketsa n'chakuti pabenchi pawo alamu angawo sasokoneza kanthu. Zitenje za ku Tanzania zili pazokha, zokwera mtengo zili kuseri, ndipo ngakhale mumdima angakutulutsireni chimene mwafuna. Nanga nzeru imeneyi imathawira kuti akatsegula kompyuta?

Ine ndikuti vuto si kusadziwa makina ayi. Vuto n'loti timayesa kompyuta ndi dzala loponyamo chilichonse, pamene ndi shopu yofunika mashelefu. Mashelefuwo ndiwo mafoda, ndipo salipiritsa. Pa Windows, lowani mu Documents, dinani Ctrl, Shift ndi N pamodzi, foda yabadwa. Musapange makumi awiri tsiku limodzi, mudzasokeranso. Wamalonda ayambe ndi atatu: Makasitomala, Malisiti, Zapakhomo. M'kati mwa Malisiti muikemo foda ya chaka chilichonse. Wophunzira, phunziro lililonse foda yakeyake. Basi.

Ena mukuti, "Aaa, nanga si pali Search?" Zoona, ilipo. Koma chithunzi cha lisiti chimene chabwera pa WhatsApp chimakhala ndi dzina la manambala ndi zilembo zopanda mutu, ndiye mudzalemba chiyani pofufuzapo? Apa ndi pamene ndimalimbikira: foda yabwino yokhala ndi maina opusa ndi ntchito yosatha. Kale, masiku a DOS, dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, choncho achikulire aja anali ndi chowiringula. Kuchokera pa Windows 95 maina ataliatali amaloledwa. Dinani fayilo, dinani F2, lembani zimene mudzafunse tsiku lovuta: "2025-02-14 kotesheni zitenje ukwati". Yambani ndi chaka, kenaka mwezi, tsiku pomaliza, ndipo mafayilo adzandandalikana okha mwa nthawi yake. Mzere wopendeka uja timaika pakati pa madeti Windows imaukana m'dzina, musavutike nawo.

Ophunzira inu musaseke amalonda. Ine yunivesite ndinaisiyira panjira (nkhani ya fizi, tidzakamba tsiku lina), koma ndisanachoke ndinaperekapo asayimenti yolakwika chifukwa ndinali ndi "final" zitatu mufulashi imodzi. Malikisi amene ndinapeza amandipwetekabe mumtima. Ndipo pa nkhani ya fulashiyi, dziwani kuti chimene mwafufuta m'menemo kawirikawiri sichipita mu Recycle Bin, chimangopitiratu. Foda yofunika izikhala pawiri: mukompyuta, ndi kwina monga Google Drive, kumene amapereka 15 GB ulere, bola bandulo.

Kotesheni ija tinaipeza patatha ola lathunthu, ili phee mu Downloads, dzina lake "Document7". Mayi uja anali atanyamuka kale, akuti akayang'ane kaye kwa ena. Madzulo ake tinakhala pansi ndi alamu n'kupanga mafoda atatu aja. Pofika pa fayilo ya makumi anayi anandiyang'ana nati, "Alamu, zotsalazi mawa." Ndawaimbira dzulo, akuti mawalo silinafikebe.