Mtima watsopano, alonda ogona

Munthu akabwerako ku India kapena ku South Africa atamuika chiwalo cha munthu wina, kuno ku Salisbury Lines timati wachira basi, mapemphero ayankhidwa. Koma madokotala ake amakhala asanapume.

Thupi limakana mlendo. Mtima wa munthu wina likauona ngati mdani, limaumenya, ndiye wodwalayo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse. Louis Washkansky, yemwe Christiaan Barnard adamuika mtima pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town pa 3 December 1967, adakhala masiku 18 okha. Mtima unkagwira ntchito, koma chibayo chidamupeza alonda ali mtulo.

Pali mdani wina wachete, kachilombo ka Epstein-Barr. Ambirife tidakatenga tili ana kudzera m'malovu, ndipo kamangobisala m'maselo oyera a magazi popanda kutivutitsa. Chitetezo chikafooketsedwa, kamachititsa maselowo kuswana mosalekeza mpaka kusanduka khansa. Madokotala amati PTLD. Imakonda kubuka m'chaka choyamba, ndipo oikidwa mtima ali pachiopsezo kuposa oikidwa impso chifukwa mankhwala awo amakhala amphamvu kwambiri.

Musaone ngati ndi nkhani ya azungu. Kachilomboka kadapezeka mu 1964 m'chotupa cha Burkitt, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba ya ana, imene Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda mu 1958 ndipo madokotala athu ku Queens ndi ku Kamuzu Central amaidziwa bwino. Kwa anawa, chothandizana ndi kachilomboka ndi malungo obwerezabwereza. Yang'anani zithaphwi za m'dera lathu lino nthawi ya dzinja, muone ngati udzudzu ungasowe pogona.

Mwanabele wosapweteka amene sakuphwa, kutentha thupi kosadziwika mutu wake, thukuta la usiku, kuonda: tidazolowera kuthamangira kuganiza za TB kapena HIV. Woikidwa chiwalo akapita ku Mzuzu Central aziyamba ndi kunena za opaleshoni yake, mapepala ndi mayina a mankhwala ali m'manja. Chithandizo choyamba cha PTLD ndi kuchepetsa mankhwala aja, kenaka ena monga rituximab. Koma wochepetsa akhale dokotala. Mukadzichepetsera nokha kunyumba, kapena kudumpha masiku poti ndalama zatha, thupi liyamba kukana mtima womwe abale adagulitsira munda kuti muupeze.

Choncho makomiti osonkhetsa ndalama zotumizira odwala kunja, bajeti yanu isamathere pa tikiti ya ndege ndi opaleshoni. Muziwerengeranso mankhwala a mwezi ndi mwezi ndi maulendo okapimitsa magazi a zaka zotsatira.