ZA CHIPEMBEDZO: Chifukwa chiyani mumzikiti mulibe zithunzi?

Lachisanu lililonse dzuwa likafika paliwombo, pamsika wa ku Lichinga pamayamba kuchepa anthu. Amalonda ena amaphimba katundu wawo ndi chiguduli, kupempha mnzawo wa pafupi kuti awayang'anireko, n'kuuyamba wa ku mzikiti. Mnzawo wotsalayo nthawi zambiri amakhala Mkhristu, wa Katolika kapena wa Anglikani. Anthu awiriwa amabwerekana ndalama, amayenderana pamaliro ndipo ana awo amaphunzira sukulu imodzi, komabe Mkhristu uja akafunsidwa zimene zili m'kati mwa mzikiti amayankha za m'maluwa.

Ena amene adasuzumirako pakhomo amabwerako odabwa. Amati mulibe mipando, mulibe guwa, mulibe ng'oma, ngakhale chithunzi chimodzi cha mneneri mulibe, mwangoti mbee ngati nyumba yoti eni ake adasamuka. Nkhani ya sabata ino ikufotokoza kuti zinthuzo sizisowa chifukwa cha umphawi kapena kuiwala kwa amisiri ayi. Adachita dala, ndipo munthu amene wamvetsa chifukwa chake ndiye kuti wagwira mutu wa chiphunzitso cha Chisilamu.

Mawu oti Islam ndi a Chiarabu ndipo amatanthauza kudzipereka kwa Mulungu. Dzina loti Allah si la mulungu wachilendo ayi, ndi mmene Mulungu amatchulidwira m'Chiarabu, moti Akhristu a ku Egypt ndi ku Lebanon nawonso amatchula dzina lomweli akamapemphera. Asilamu amakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi yekha, alibe mnzake ndipo safanana ndi cholengedwa chilichonse. Amakhulupiriranso kuti Mtumiki Muhammad, amene adabadwira ku Makka cha m'ma 570, adayamba kulandira uthenga kudzera mwa mngelo Jibril cha m'ma 610, ndipo uthengawo ndiwo Qur'an, buku la masura 114. Aneneri ngati Ibrahim, Musa ndi Isa mwana wa Maryam amalemekezedwa kwambiri, moti sura ya 19 imatchedwa ndi dzina la Maryam. Pamene pali kusiyana ndi Chikhristu ndi poti kwa Asilamu, Isa ndi mneneri osati mwana wa Mulungu. Muhammad nayenso ndi munthu ndipo sapembedzedwa.

Monga nyumba iima ndi nsichi, Chisilamu chili ndi nsichi zisanu. Yoyamba ndi Shahada, kuikira umboni za umodzi wa Mulungu ndi utumiki wa Muhammad. Yachiwiri ndi Swala, mapemphero asanu a tsiku lililonse: m'bandakucha, masana, chakumadzulo, dzuwa litangolowa ndi usiku. Yachitatu ndi Zakat, gawo limodzi mwa magawo 40 a chuma chimene munthu wasunga chaka chathunthu, loperekedwa kwa osauka ndi ena ovutika. Yachinayi ndi kusala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa m'mwezi wa Ramadhani. Yachisanu ndi Hajji, ulendo wa ku Makka kamodzi pa moyo kwa amene ali ndi mphamvu ndi ndalama zoyendera. Mzikiti udamangidwira nsichi yachiwiriyo, ndipo chilichonse chimene chili m'menemo chimatumikira Swala.

Mzikiti umene udakhala chitsanzo cha ina yonse sudali wa miyala yonyezimira. M'chaka cha 622 Muhammad ndi omutsatira adasamuka ku Makka chifukwa cha mazunzo kupita ku Madina, ndipo chaka chimenechi ndicho chiyambi cha kalendala ya Chisilamu. Kumeneko adamanga bwalo la makoma a zidina, nsichi zake zidali mathunthu a kanjedza ndipo denga lake lidali la masamba a kanjedza yemweyo. Choncho kamzikiti kofolera udzu ka kumudzi ku Majune kapena ku Mandimba sikoperewera ayi, kakufanana ndi woyambawo kuposa mizikiti ikuluikulu ya m'mizinda. Liwu la Chiarabu loti masjid, kumene kudachokera liwu loti mzikiti, limangotanthauza malo ogundirapo mphumi pansi polambira.

Mlendo asanaone mzikiti amayamba waumva. Kuitanira anthu ku Swala amatchula kuti adhana, ndipo kumachitika ndi mawu a munthu osati belu kapena ng'oma. Woyamba kugwira ntchito imeneyi adali Bilal, munthu wakuda wa mtundu wa ku Ethiopia, amene adali kapolo ku Makka mpaka Abu Bakr adamuwombola. Bilal ankakwera padenga la nyumba yaitaliko kuti mawu ake apite patali. Nsanja zazitali zimene zimaoneka pamizikiti ina zidabwera pambuyo pake, ndipo mzikiti wopanda nsanja ndi mzikiti ndithu. Chimodzimodzinso chizindikiro cha mwezi ndi nyenyezi: m'nthawi ya Mtumiki kudalibe, chidafala chifukwa cha ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, ndipo palibe Msilamu amene amapembedza mwezi.

Pabwalo pamakhala madzi, kaya m'mipopi kaya m'mtsuko. Asanaswali munthu amasamba m'manja, kutsuka m'kamwa ndi m'mphuno, kusukusula, kutsuka mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi m'mutu ndi m'makutu, ndi kutsuka mapazi mpaka mu akakolo. Nsapato zimatsala pakhomo chifukwa pamene phazi laponda ndi pomwe mphumi ikagunde. Apa ndiponso pagona yankho la mipando. Swala imachitika ndi thupi lonse, kuimirira, kuwerama, kugunditsa mphumi pansi ndi kukhala, ndiye mabenchi akadangotchinga malo. Anthu amaima m'mizere phewa ndi phewa pamikeka, mwini sitolo pambali pa wonyamula katundu, ndipo palibe malo osungira olemera. Amayi amakhala ndi mizere yawo kumbuyo kapena chipinda chawo. Guwa mulibe chifukwa m'mzikiti simuperekedwa nsembe, ndipo imamu si wansembe koma wotsogolera pemphero basi. Chimene chimaoneka ngati makwerero kutsogolo ndi mimbari, poimapo wolalikira Lachisanu.

Pakhoma lakutsogolo pali malo olowa m'kati ngati khomo lotseka, otchedwa mihrabu. Ntchito yake ndi kulozera kibla, mbali imene kuli Makka. Kwa anthu a ku Niassa ndi ku Tete, Makka ali kumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa, n'chifukwa chake mizikiti ina imaoneka ngati yapotoka poyerekeza ndi mseu. Mmisiri sadalakwitse, adatsata kibla. Poyamba Asilamu ankaswali atayang'ana ku Jerusalem, koma cha m'ma 624 adatembenukira ku Kaaba, nyumba ya makona anayi ya ku Makka imene amakhulupirira kuti adamanga ndi Ibrahim ndi mwana wake Ismail.

Mkhristu wa Katolika akaona malo ngati mihrabu m'khoma amayembekeza kupezamo chosema cha woyera mtima. M'mihrabu mulibe kanthu, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya Kaaba yomweyo. Chisilamu chisanabwere, mafuko a Aarabu adadzaza nyumbayo ndi mafano. Muhammad atabwerera ku Makka m'chaka cha 630 adalamula kuti mafano onse achotsedwe. Kuyambira pamenepo Asilamu akhala akuopa kuti chithunzi choikidwa pamalo opempherera lero monga chikumbutso, mawa chikhoza kusanduka chopembedzedwa. Poti Mulungu safanana ndi chilichonse, palibe dzanja limene lingamujambule. Mtumiki nayenso saikidwa pakhoma kuopa kuti angalandire ulemu woyenera Mulungu yekha.

Komabe amisiri Achisilamu sadapinde manja. Luso lawo adaliika pa zinthu zitatu, ndipo choyamba ndi kulemba. Poti Qur'an ndi mawu a Mulungu, kulemba mawuwo mokongola ndi ntchito yaulemu kuposa zonse. Ku Jerusalem kuli nyumba yotchedwa Qubbat al-Sakhra, imene mfumu Abd al-Malik adaimaliza cha m'ma 691, ndipo m'kati mwake muli mzere wa malemba wotalika mamita pafupifupi 240. Ku Baghdad, nduna ina dzina lake Ibn Muqla, imene idamwalira m'chaka cha 940, idakhazikitsa muyeso wa zilembo: cholembera cha bango chikagunda papepala chimasiya kadontho, ndipo msinkhu wa chilembo chilichonse umawerengedwa ndi madontho amenewo. Kufupi ndi kuno, mumzikiti wa Kizimkazi pachilumba cha Zanzibar muli malemba osemedwa pamwala onena chaka cha 500 cha kalendala ya Chisilamu, chimene ndi 1107. Mwana wa ku madrasa amene akuphunzira kulemba zilembo za Chiarabu kuchokera kumanja kupita kumanzere ali pachiyambi cha luso lomweli.

Chachiwiri ndi mizere yolukanalukana. Mmisiri amayamba ndi kuzungulira kumodzi, kukugawa m'zigawo zofanana, n'kutulutsamo nyenyezi za nsonga 6, 8 kapena 12 zimene zimagwirana mpaka khoma lonse kudzaza. Amene adaonapo mmene lichero kapena mkeka ulukidwira savutika kumvetsa: diso limatsata mzere koma silipeza pamene wayambira kapena pamene wathera. Ambiri amati zimenezi zimakumbutsa wopemphera za Mulungu wopanda chiyambi ndi mathero. Chachitatu ndi masamba, maluwa ndi mphukira zoyanga ngati dzungu, zokumbutsa munda wa ku Paradizo umene Qur'an imaufotokoza.

Pofunika kunenetsa ndi poti lamuloli ndi la malo opempherera makamaka. M'nyumba za mafumu ndi m'mabuku a mbiri ndi ndakatulo, makamaka ku Persia, ku Turkey ndi ku India, amisiri Achisilamu adajambula anthu, akavalo ndi mbalame. Ku Jordan kuli kanyumba kachifumu ka Qusayr Amra, ka zaka za m'ma 700, kamene makoma ake ali ndi zithunzi za anthu ndi nyama mpaka lero. Mashehe amasiyana maganizo pa za zithunzi za kunja kwa mzikiti, koma za m'kati mwa mzikiti ambiri amagwirizana.

Poti chofunika ndi malo aukhondo ndi kibla basi, dziko lililonse lidamanga ndi zimene lili nazo. Ku Istanbul mmisiri Sinan adamaliza mzikiti wa Süleymaniye m'chaka cha 1557, wa denga looneka ngati mphika waukulu wovundikira. Ku Djenné m'dziko la Mali kuli mzikiti waukulu wa dothi umene udamangidwanso m'chaka cha 1907. Mitengo yotulukira m'makoma ake ndi makwerero a anthu a m'mudzimo akamauzira mwatsopano, ntchito imene amaigwira pamodzi amuna, amayi ndi ana. Ku Kilwa m'dziko la Tanzania, mzinda umene udalemera ndi golide wodzera ku Sofala, adamanga ndi miyala yokumba m'nyanja yamchere pamodzi ndi njereza. Mlendo wotchuka Ibn Battuta adafika kumeneko m'chaka cha 1331.

Kuchokera kugombe kumeneko ndi kumene Chisilamu chidalowera m'dziko lino. Vasco da Gama atakocheza pa Ilha de Moçambique m'chaka cha 1498 adapeza pakulamula shehe, kusonyeza kuti mzikiti udafika kuno Apwitikizi asanafike. Ku Niassa chidabwera ndi maulendo a malonda a Ayao opita kugombe, amene ankanyamula minyanga ya njovu komanso akapolo, mbiri yowawa imene sibisika. Mafumu a Ayao ngati Makanjila ndi Mataka wa ku Muembe adalowa Chisilamu m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, ndipo anthu awo adatsatira. Pamodzi ndi Swala padabweranso kulemba: mafumu a kumpoto ankalemberana makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu, ndipo ena mwa makalatawo akusungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo. Kalembera wa 2017 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu m'dziko lino ndi Msilamu, ndipo ku Niassa ndi oposa theka.

Zimenezi zikufunika kudziwika chifukwa kusadziwa kumabala mantha. Kuyambira pa 5 Okotobala 2017, pamene zigawenga zidaukira Mocímboa da Praia ku Cabo Delgado zikudzitchinjiriza ndi dzina la chipembedzo, anthu ena adayamba kuyang'ana ndi diso loipa aliyense wovala mkanjo ndi kofia. Koma pakati pa ophedwa ndi othawa kwawo pali Asilamu ambirimbiri, ndipo mashehe a kumeneko adali m'gulu la oyamba kuchenjeza za anyamatawo. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa aliyense ufulu wopembedza. Lamulo limateteza nyumba yopemphereramo, koma silingachotse kukayikirana m'mitima ya anthu oyandikana ngati iwo eni sakudziwana.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amene akufuna kuona m'kati mwa mzikiti ayambe wapempha kwa shehe kapena imamu wa pamalopo, asankhe nthawi imene si ya Swala, avale modzilemekeza, amayi afunde kumutu, avule nsapato pakhomo ndipo asadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali. Akalowa aime pamkeka, ayang'ane mihrabu, ndipo adzadziwa kuti kumpoto ndi kuti ndiponso kumene mnzake wa pamsika uja amatembenukira kasanu pa tsiku. Msilamu nayenso akaitanidwa ku ukwati kapena ku maliro kutchalitchi, afunse tanthauzo la mtanda ndi zithunzi zimene aone m'menemo, pakuti eni ake ali nalo yankho.