KODI MWANA WA KU DEDZA SADZIWA KUGANIZA?

Pali mawu amene afala pano pa koleji, ndipo ine ndawamva kokwanira. Aphunzitsi ena akamachonga mapepala a ophunzira a chaka choyamba amapukusa mitu nanena kuti ana a masiku ano sadziwa kuganiza, amangoloweza. Akatero amaonjeza kuti zinthu zinasokonekera pamene mayeso olowera ku yunivesite anathetsedwa, ndi kuti mayeso aja akanakhalapo bwenzi mankhusu akutsala kunja kwa mpanda. Ine ndikukana. Kuloweza kulipo ndithu, tonsefe tinalowezapo manotsi usiku ndi koloboyi. Chimene ndikukana ndi chikhulupiriro chakuti funso la pa mayeso lofuna kuti munthu atole yekha mfundo yosalembedwa limayeza nzeru zobadwa nazo. Funso lotere limayeza ngati wina anakuuzapo lamulo la masewerawo, ndipo ana ambiri a kwathu ku mapiri a Dedza palibe anawauza.

Amene simunalembeko mayeso aja mudziwe kuti mpaka cha m'ma 2015 Yunivesite ya Malawi inali ndi mayeso akeake pamwamba pa MSCE. Anali ndi zigawo zitatu: Chingerezi, masamu ndi kulingalira, zonse m'Chingerezi, ndipo wolemba ankasankha yankho pa zilembo zimene zapatsidwa. Pambuyo pake ntchito yosankha ophunzira a m'mayunivesite a boma inapita m'manja mwa bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndipo chachikulu chinakhala magiredi a MSCE. Komatu mtundu wa funso lija sunafe ayi. Ukupezekabe m'ndime zowerenga za Chingerezi pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, ukupezeka pa mayeso ofunsira ntchito, ukupezekanso pa mayeso ngati SAT ndi GRE amene amalemba anzathu ofuna kukaphunzira ku America. Choncho nkhaniyi ndi ya lero.

Tiyeni tione funso lenilenilo. Ndapeka langa m'Chichewa kuti tisabisale kuseri kwa Chingerezi. Ndime ikuti: alimi onse a mbatata ya kachewere m'mudzi wina amathira feteleza. A Phiri amakhala m'mudzi womwewo ndipo sathira feteleza. Kodi ndi mfundo iti imene ikutuluka m'mawuwa? A, a Phiri ndi osauka. B, a Phiri salima kachewere. C, a Phiri adzakolola zochepa. D, a Phiri amathira manyowa.

Wochonga akufuna B. Njira yake ndi iyi: ngati onse olima kachewere amathira feteleza, ndiye kuti aliyense wosathira ali kunja kwa gulu lawo. Mayankho enawo angathe kukhala oona, koma ndime sikutikakamiza kuwavomera. A Phiri angakhale olemera, angakhale ndi golosale, angakhale osalima konse. B yekha ndiye sangakhale wabodza ngati ziganizo ziwiri zija zili zoona.

Tsono mupatseni funsoli mwana wa ku Bembeke amene wakula akupalira kachewere m'mawa wa chisanu asanapite ku sukulu. Iye akudziwa mtengo wa thumba la feteleza. Akudziwa amalume ake amene amalima kachewere ndi manyowa a ng'ombe chaka chimene ndalama zavuta. Akangowerenga chiganizo choyamba, mumtima akuti, bodza ili, si onse amene amathira. Kenaka asankha D, kapena A, ndipo walakwa. Koma taonani zimene wachita: wayesa mawu a pa pepala ndi zimene maso ake anaona, wapeza kuti sizikugwirizana, wasankha yankho limene lili loona pa dziko lenileni. Kodi kumeneku ndi kusaganiza? Mwana wa m'tauni amene sanagwirepo khasu alibe chomusokoneza. Kwa iye kachewere ndi feteleza ndi mawu chabe, ndipo apeza B mosavuta. Pa funso ili, wodziwa zambiri za mbatata ndiye amene ali pa ngozi.

Lamulo lobisika ndi lakuti: tseka maso ku zonse zimene ukudziwa, vomera zimene zalembedwa ngakhale zikhale zabodza, ndipo tola chokhacho chimene sichingalephere kukhala choona. Lamuloli silinalembedwe pa pepala la mayeso m'mawu amene mwana angamve. Limaganiziridwa kuti aliyense wanzeru akulidziwa kale.

Izi sizinayambe ndi ife. M'zaka za 1931 ndi 1932 katswiri wa za maganizo wa ku Russia, Alexander Luria, anapita ku midzi ya ku Uzbekistan kukafunsa alimi osapita ku sukulu mafunso a mtundu womwewu. Ankawauza kuti kutali kumpoto, kumene kumagwa chipale, zimbalangondo zonse ndi zoyera, ndi kuti malo ena otchedwa Novaya Zemlya ali kumpotoko. Kenaka ankafunsa mtundu wa zimbalangondo za kumeneko. Ambiri ankakana kuyankha, nati iwo sanafikeko ndipo sangalankhule za chinthu chimene sanachione, afunsidwe amene anapitako. Amene anali atakhalako pa sukulu ngakhale nthawi yochepa ankayankha msanga kuti ndi zoyera.

Ine ndikawerenga za alimi amenewa ndimaona agogo athu pa bwalo la milandu kwa Kaphuka kapena kwa Kachindamoto. Mboni ikaimirira, nduna za mfumu zimafunsa kuti, kodi munaona ndi maso anu kapena munangomva? Wonena zakumva amakhazikidwa pansi. Kwathu, munthu amene amamanga mfundo pa mawu a mlendo popanda kuwafufuza timamutcha wopepera. Ndipo pa bwalo lomwelo anthu amatola mfundo zosanenedwa tsiku ndi tsiku: mapazi a mbuzi alowera uku, mpanda wathyokera mkati osati kunja, choncho mbuzi inachokera kwa uje. Mlimi amayang'ana mitambo pa phiri la Dedza nadziwa ngati afulumire kukaanula ufa. Mwambi uliwonse ndi funso lotola mfundo, pakuti wamkulu akati safunsa anadya phula sakamba za njuchi. Anthu otere kuwanena kuti sadziwa kulingalira ndi chipongwe.

Ku Liberia, m'zaka za m'ma 1960, ofufuza a ku America monga Michael Cole, John Gay ndi Joseph Glick anakumana ndi zofanana pakati pa anthu a mtundu wa Kpelle. Atawapatsa zinthu zosiyanasiyana kuti aziike m'magulu, iwo ankaika khasu pamodzi ndi mbatata, mpeni pamodzi ndi lalanje, nati ndi mmene munthu wanzeru angachitire. Glick atafunsa mmene chitsiru chingaikire, anaika zida pazokha ndi zakudya pazokha, ndendende mmene ofufuzawo ankafunira. Yankho la wochonga ankalidziwa, kungoti sankaganiza kuti munthu wamkulu angafune yankho lotero.

Umboni umene umandikhutiritsa koposa unachokera ku Brazil. Mu 2005 Maria Dias, Antonio Roazzi ndi Paul Harris anafalitsa zotsatira za kafukufuku pakati pa akuluakulu osapita ku sukulu. Anawafunsa mafunso ngati a Luria, koma ena anayamba awauza kuti ayerekeze kuti nkhaniyo ikuchitika pa dziko lina lakutali. Atangouzidwa zimenezo, anthu aja anayamba kuyankha molondola kwambiri kuposa kale. Nzeru zinalipo kale, chimene chinkasowa ndi chilolezo chosiya dziko lenileni pambali.

Chilolezo chimenechi ife tili nacho m'chiyankhulo chathu, ndipo mwana aliyense amachidziwa asanayambe Sitandade 1. Agogo akati padangokhala, ana nayankha kuti tili tonse, palibe amene amadzutsa mkangano kuti kalulu salankhula. Onse avomera dziko la nthanoyo, ndipo mkati mwake amalingalira mwakuthwa: ngati Fisi anamanga lamulo lakuti wogona asadye, ndipo Kalulu wadya, ndiye kuti Kalulu sanagone. Ndime ya pa mayeso ndi nthano imene yabwera popanda padangokhala. Mphunzitsi mmodzi atangomuuza mwana wa ku Bembeke uja kuti mudzi wa a Phiri ndi wa m'nthano, B angamupeze nthawi yomweyo. Ndi aphunzitsi angati amene anauzidwa okha zimenezi pamene ankaphunzira ntchito yawo?

Pamwamba pa lamulo lobisikali pali katundu wachiwiri, Chingerezi. Mafunso otola mfundo amapachikidwa pa timawu ting'onoting'ono. Mngerezi akati few akutanthauza kuti pafupifupi palibe, akati a few akutanthauza kuti alipo ndithu, ndipo kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi. Mawu akuti unless, hardly, may ndi must amatembenuza chiganizo chonse. Mwana amene amamva Chingerezi m'kalasi mokha, kuchokera kwa mphunzitsi amene ali ndi ana oposa zana kutsogolo kwake, amataya malikisi pa timawu timeneti asanafike n'komwe pa kulingalirako. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma lamulo silisintha chimene mwana amalankhula ku dimba ndi ku chigayo. Tikayeza kuganiza m'chiyankhulo chimene munthu saganiziramo, tisanamizire kuti tayeza kuganiza kokha.

Ndipo ngati mayeso aja ankayezadi nzeru zobadwa nazo, n'chifukwa chiyani m'mizinda munkadzaza makalasi olipira okonzekeretsa anthu? Ana a makolo a ndalama ankakhala milungu ingapo akubwereza mapepala akale mpaka kuzolowera misampha yake. Mnzawo wa pa sukulu yoyendera ya ku Mayani kapena ku Lobi ankaliona funso lotere koyamba tsiku la mayeso lomwelo, atagona pa benchi pa depoti. Chinthu chimene chimagulidwa ndi ndalama m'milungu isanu ndi umodzi si chobadwa nacho ayi. Dziko lino linakangana kwa zaka zambiri za kota, kuyambira 1987, kudzera ku chigamulo cha khoti cha mu 1993, kubwereranso kwake pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mpaka kuthetsedwa kwake mu 2020. Tinakangana za chigawo chimene mwana akuchokera, koma za funso limene laikidwa patsogolo pake sitinakanganepo.

Wina anena kuti, nanga iwe ukufuna tisiye kuphunzitsa kulingalira kotere? Ayi ndithu. Luso lovomera mfundo kwa kanthawi ndi kuona kumene ikupita ndi lofunika zedi. Loya amaligwiritsa ntchito powerenga lamulo limene iye sakugwirizana nalo. Wa masamu sangayende popanda ilo. Dokotala amati, tiyerekeze kuti ndi malungo, nanga tiyenera kuona zizindikiro ziti? Chifukwa chakuti ndi lofunika, liyenera kuphunzitsidwa poyera kwa aliyense. Kulisandutsa sefa pa chipata, pamene ena anapatsidwa ndipo ena sanapatsidwe, ndi kukolola pamene sitinafese.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kwa inu aphunzitsi athu: musanalembe ndi inki yofiira kuti wophunzira sakuganiza, mufunseni chifukwa chimene wasankhira yankho lakelo. Mudzapeza kuti kawirikawiri pali njira imene watsata, ndipo mukaidziwa mudzatha kumuonetsa pamene yasiyana ndi yanu. Milungu iwiri yoyamba ya chaka choyamba ingakwane kuphunzitsa kusiyana kwa chimene chingakhale choona ndi chimene sichingalephere kukhala choona. Chachiwiri, kwa anzathu a maphunziro a uphunzitsi ndi a ziyankhulo za mu Africa: pekani mafunso otere m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, kuti mwana aphunzire lamulolo m'chiyankhulo chake asanakumane nalo m'Chingerezi. Phunziro la Chichewa lili kale pa mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, malo ake alipo. Chachitatu, kwa ife a mu gulu la alembi lino: timadziwa kupeka nthano, ndipo ndime ya mayeso ndi nthano yaifupi. Tchuthi chikubwerachi aliyense apeke mafunso khumi, apite nawo ku sukulu imene anachokera, akakhale pansi ndi a Fomu 3 ndi a Fomu 4, akawauze lamulo lija m'mawu omveka. Ine ndikayambira kwathu ku Dedza, ndipo amene akufuna kuti mayeso olowera abwerere ndikuwaitana kuti tipitire limodzi, akaone okha mmene anawo ayankhire akauzidwa lamulolo.