Kalata Imodzi, Madola Mamiliyoni

Ulendo uno tikambirane za malonda ena odabwitsa. Ku Amereka kuli anthu amene amalipira ndalama zankhaninkhani pofuna kukhala ndi kalata imodzi yokha yosainidwa ndi pulezidenti wakale wa dzikolo.

Tiyambe ndi Abraham Lincoln. M'chaka cha 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ana 195 a m'tauni ya Concord adalembera mtsogoleriyu kumupempha kuti amasule ana onse amene adali mu ukapolo. Iye adayankha mwachidule: adayamikira mitima yawo yachifundo, nanena kuti alibe mphamvu zochitira zonse zimene adapemphazo. Kalata imeneyi idagulitsidwa ku Sotheby's mumzinda wa New York m'chaka cha 2008 pa mtengo wa madola 3.4 miliyoni. Chaka chotsatira, ku Christie's, kalata imene George Washington adalembera mwana wa mbale wake mu 1787, asanakhale pulezidenti, idagulidwa pa madola opitirira 3.2 miliyoni. Nkhani yake idali ya malamulo atsopano oyendetsera dziko.

Kodi mtengo wotere umachokera kuti? Poyamba, ogula amayang'ana mawu ali m'kalatamo. Yokamba za ukapolo kapena nkhondo imaposa kutali yongothokoza mphatso. Chachiwiri ndi kusowa kwake. William Henry Harrison adamwalira mu 1841 atangolamula mwezi umodzi, choncho zimene adasaina ali pampando n'zochepa zedi, ndipo anthu amazilimbirana.

Koma pamene pali ndalama, akathyali sasowapo. M'zaka za m'ma 1930, Joseph Cosey adatchuka ndi kutsanzira kalembedwe ka Lincoln pa mapepala akale, napusitsa ogula ambiri. Palinso vuto lina: kuyambira 1833 zikalata zogawira malo zinkasainidwa ndi mlembi m'dzina la pulezidenti, ndipo atsogoleri a m'zaka zaposachedwa akhala akugwiritsa ntchito makina osainira. Munthu akhoza kutaya chuma chake pogula dzina limene mwini wake sadalembe ndi dzanja lake. N'chifukwa chake wogula wanzeru amafuna umboni wa anthu onse amene adasungapo kalatayo, ndi akatswiri oyesa inki ndi pepala.

Si kalata zonse zili pamsika. Lamulo la 1978 lidakhazikitsa kuti zikalata za ntchito ya pulezidenti, kuyambira pa Ronald Reagan, ndi chuma cha mtundu wonse, osati cha iye mwini.

Ife tikuona kuti mtengo weniweni wa kalatazi si madola ayi, koma umboni. Mawu apakamwa amasintha akamadutsa m'makutu ambiri, pomwe cholembedwa chimanena chimodzimodzi ngakhale patapita zaka 160. Choncho makolo, kalata za agogo zili m'sutikesi zija tisakolezere moto. Tiziteteze ku chinyontho ndi chiswe, chifukwa tsiku lina adzukulu athu adzafuna kumva mawu a eni ake.