Mutu Umaiwala, Kope Siliiwala

Abale anga, mu 1950 W. Edwards Deming wa ku America anaphunzitsa eni mafakitale a ku Japan kuyeza ndi kulemba cholakwika chilichonse, kenaka kufufuza gwero lake m'malo mokalipira antchito. Katundu wa ku Japan, yemwe kale ankanyozedwa, anadzatchuka pa dziko lonse.

Nzeru yomweyi igwira ntchito kwa inu eni zigayo. Lembani tsiku lililonse ndowa zimene mwagaya, dizilo amene wapita, ndi amayi angati adandaula kuti ufa ndi wamisere. Sabata ikatha, werengani. Mukaona dizilo akukwera pamene ndowa zili zomwezo, yang'anani nyundo ndi sefa, musathamangire kuti mnzanu wakulodzani. Mukachedwa, amayi adzasenza chimanga kukagayitsa kutsidya kwa malire.

Tionana sabata yamawa.