Dzina la Gulugufe Silitchulidwa Mothamanga

Mwa agulugufe onse amene Namalenga anawabalalitsa m'maiko otentha, palibe amene amatsitsa matama a munthu wophunzira koposa aja a banja la Hesperiidae, amene Angerezi amawatcha skipper poona kaulukidwe kawo kodumphadumpha. Banja lokhalo silivuta kulizindikira, pakuti thupi lawo nlojintcha ngati la njenjete, mutu ngwaukulu, tinyanga timathera ndi kangowe, ndipo ambiri akatera pa duwa amaimika mapiko akutsogolo, akumbuyo atayalidwa. Koma kuloza mmodzi mwa mitundu yoposa 3,500 nkunena kuti uyu ndi uje, pamene ochuluka ali ofiirira ngati dothi la pachulu, ndi timadontho toyera tofananafanana, imeneyo ndi ntchito ina, pakuti ngakhale W. H. Evans, amene anandandalika a mu Africa m'chaka cha 1937, anachita kupenda ziwalo zobisika za amphongo kuti awasiyanitse.

Tsono ine ndimadabwa ndi changu cha masiku ano, chakuti munthu ajambula kagulugufe ndi foni, nafuna dzina lake dzuwa lisanapendeke. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ku Guanacaste, m'dziko la Costa Rica, kuli gulugufe wabuluu kumsana wotchedwa Astraptes fulgerator, amene kuyambira 1775 akatswiri ankamuyesa mtundu umodzi. Koma Daniel Janzen ndi Winnie Hallwachs, pamodzi ndi anthu a kumeneko amene ankatola mbozi m'nkhalango nazilera kwa zaka zoposa 20, anaona kuti mbozizo zinali zosiyana mawanga, ndi kuti yodya tsamba la mtengo uwu inkakana la mtengo uwo, chonsecho zikasanduka agulugufe zinkatuluka ngati mapasa. M'chaka cha 2004, atayeza DNA mothandizana ndi Paul Hebert, analengeza kuti m'dzina limodzilo munabisala mitundu 10. Katswiri wina, Andrew Brower, anadzatsutsa chiwerengerocho, nati sichingapitirire 7, ndipo mkanganowo ine undikondweretsa, pakuti ukusonyeza kuti ngakhale makina sanagamule mlandu onse.

Chimene chinatsegula maso a akatswiriwo si chachilendo kwa agogo athu, amene potola mphalabungu amayang'ana mtengo umene zagwera asanatambasule dzanja. Chifukwa chake amene afuna dzina la kagulugufe ka m'dimba mwake ayambe wafunafuna mbozi yake, imene imabisala m'tsamba lopinda ndi kulisoka ndi ulusi wake womwe. Aiike m'botolo, aidyetse tsamba lomwelo, alembe tsiku, malo ndi dzina la chomeracho, kufikira m'mawa umene adzapeze chikwa chitang'ambika.