Ngongole ya Dziko kwa Anthu a ku Nsanje

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa Boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, idayamba m'chaka cha 1977 ndipo idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mfuti zidalira kutsidya kwa malire, koma mbali yaikulu ya katundu wa nkhondoyo adasenza ndi anthu a ku Nsanje, kumene kale kunkatchedwa Port Herald.

Kuyambira m'chaka cha 1986 unyinji wa anthu udayamba kuthawira m'Malawi, kufikira chiwerengero chawo chidapyola 1,000,000. Ku Nsanje othawawo adachuluka koposa eni dziko. Pakuti ambiri a iwo anali Asena, a chilankhulo chimodzi ndi owalandira, mafumu sadazengereze kupereka malo, ndipo misasa idamangidwa ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo anthu a ku Nsanje adachitadi chomwecho.

Koma ufulu umenewu udali ndi mtengo wake. Mitengo idatha pofuna nkhuni ndi milimo, zitsime zidachepa, ndipo zipatala ndi sukulu zidadzaza koposa muyeso. Njanji yochokera ku doko la Beira, imene imalowa m'Malawi pa Marka, idaleka kugwira ntchito, ndipo mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi udaonongedwa m'chaka cha 1986. Katundu wa dziko adayamba kuyenda njira yaitali ya ku Durban, ndipo Nsanje, imene idali khomo la malonda, idasanduka mathero a msewu.

Asanene wina kuti izi nzakale. Mu Disembala 2024, chipwirikiti chitabuka pambuyo pa chisankho ku Mozambique, anthu zikwizikwi adaolokanso malire, ndipo Nyamithuthu idalandiranso alendo.

Tsono nkoyenera kuti akalaliki a Boma, pogawa ndalama za chitukuko, akumbukire kuti boma la m'malire limasenza mtolo wa dziko lonse. Kufika kwa sitima pa Marka m'chaka cha 2024 ndi chiyambi chabwino, koma kubzala mitengo ndi kukuza zipatala kuyenera kutsata. Aphunzitsi nawonso aphunzitse ana mbiri imeneyi, kuti adziwe kuti zimene Nsanje ilandira si mphatso ayi, koma kubweza ngongole.